Mmene Netiweki Inatsala Pang'ono Kuthetsa Ukwati wa Amayi Anu

Ana inu, khalani pansi muwerenge. Ndalemba chifukwa ndikayankhula simundimva. Makutu anu munawatseka ndi tizingwe, ndipo munthu wa msinkhu wanga sangamapikisane ndi ng'oma zimene zikulira m'mutu mwa mdzukulu wake.

Dzulo, iwe Hawa, unaima pakati pa balaza langa, manja m'chiuno, n'kulengeza kuti intaneti ya kwa agogo ndi yakufa. Mlandu wake unali woti kanema wa anthu ovina anaima kanthawi koti munthu n'kuyetsemula kamodzi. Mlongo wako Dalitso anawonjezera kuti tchuthi chonse chawonongeka, ndipo anafunsa ngati pali basi yobwerera ku Lilongwe. Ine ndinali pomwepo, ndikusenda chinangwa changa. Musaganize kuti sindinamve. M'mawa uno ndayatsa kompyuta yanga yakale ija, imene inu mumaitcha bokosi la maliro, kuti ndikuuzeni chimene intaneti yakufa imachita. Inuyo simunaionepo. Ine ndinaiona, ndipo inatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa amayi anu usanayambe n'komwe. Zikanatero, bwenzi lero kulibe Hawa, kulibe Dalitso, ine ndikudya chinangwa changa mwamtendere.

Dziwaninso kuti rauta imene mukuinyozayi sinandilakwirepo chiikhomereni pamwamba pa kalendala. Ndikafuna kudziwa ngati kubwera mvula imandiuza, ngakhale nthawi zina imandiuza mvulayo itagwa kale. Inu mwabwera ndi mafoni awiri, tabuleti ndi laputopu, zonse kuyamwa bere limodzi nthawi imodzi, ndiye mukudabwa kuti mkaka ukutuluka pang'onopang'ono. Dalitso wayeza liwiro kangapo chifikireni, ndipo akayeza amandionetsa manambala ndi nkhope ya dokotala amene wabwera ndi uthenga woipa. Mwana iwe, ngakhale asodzi sayeza kuya kwa nyanja m'mawa uliwonse. Amangopalasa.

Ndiyambe ndi maphunziro anga, kuti mudziwe kuti amene akulembayu si munthu wamba. Ndinapita ku koleji ku Blantyre kukaphunzira za muofesi ndi makompyuta. Ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka. Koleji yonse inali ndi kompyuta imodzi, yotsekeredwa m'chipinda chozizira, ndipo ife tinkaiona pawindo ngati mmene mumaonera mbidzi kumalo osungira nyama a Kuti. Ndinaigwira kawiri. Ulendo woyamba ndinaiyatsa. Ulendo wachiwiri ndinaizimitsa, kungoti panali mphunzitsi wina wamkulu amene anali asanasunge ntchito yake ya teremu yonse. Pamenepo ine ndi koleji tinagwirizana kuti tisiyane mwaulemu. Amene amakuuzani kuti anandichotsa ndi ansanje.

Maphunziro amenewo anandikwanira. Nditabwerera kuno ndinayamba ntchito pa loji ina ku Senga Bay, ndipo lojiyo itagula kompyuta, bwana anafunsa ngati pali amene anaionapo. Ndinakweza dzanja. Kuyambira tsiku limenelo ndinali katswiri wa makompyuta kuchokera ku Chipoka mpaka ku Chinguluwe, ndipo palibe amene ananditsutsa, chifukwa wonditsutsayo akanayenera kuionapo kaye. Chinsinsi cha ntchito yanga chinali chimodzi, ndipo ndikuululirani chifukwa ndinu a m'banja: kuzimitsa, kudikira, kuyatsanso. Koma sindinkachita poyera. Ndinkatulutsa kaye anthu onse muofesi, n'kuwauza kuti ntchitoyi imafuna bata.

Intaneti ya masiku amenewo inkabwera pa waya wa lamya. Ukafuna kulowa, makina ankayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira, kenako ngati wailesi yosowa siteshoni, kenako zii. Chithunzi chimodzi chinkatsika kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere, ngati munthu akutsitsa katani mwaulesi. Ukaona tsitsi la munthu unkapita kukamwa tiyi, pobwera wafika pamphuno. Mlendo wina anandipempha kuti ndimutsegulire chithunzi cha mwana wake wongobadwa kumene. Mmene chibwano chinkaoneka, ndikukhulupirira kuti mwanayo anali atayamba kukwawa. Ndiye wina wa kukhitchini akangonyamula lamya kuti aitanitse tomato, zonse zinkafera pomwepo, tiyambirenso kwa mphaka uja.

Ndipo ife tinkati limenelo ndi liwiro, chifukwa tinakulira kalata. Nthawi imene ndinkafunsira agogo anu aakazi, a Nabanda, iwo ankakhala kwa azakhali awo kumpoto, ndipo kalata yanga inakwera sitima ya pamadzi pa Chipoka. Ndinalemba anthu akuwokera mpunga ku Chinguluwe. Yankho linandipeza akupuntha. Linali la mawu atatu: "Ndamva, ndiganize kaye." Sindinafunse basi yobwerera kulikonse.

Loji itagula makina atsopano, kompyuta yakale ija anandipatsa ine m'malo moitaya. Inalowa m'nyumba muno ngati mkwatibwi. A Nabanda anailukira nsalu ya maluwa, chifukwa m'nyumba mwawo chinthu chilichonse chaulemu chimafunditsidwa, kaya wailesi, kaya jagi ya madzi, ngakhale Baibulo. Ndinawafotokozera kuti makinawa amapuma, ali ndi timabowo kumbuyo. Anati nawonso amapuma koma savula chitenje. M'chilimwe inkatentha mpaka kuzima yokha, ine n'kumaikupiza ndi katoni. M'dzinja nyerere zinasamukiramo ndi mazira awo. Mausi yake inali ndi kampira kunsi, ndipo Loweruka lililonse ndinkakachotsa n'kupala litsiro ndi kamtengo ka machesi, ntchito imene inu simudzaidziwa, ndipo ndikukumverani chisoni. Za mavayirasi ndisanene. Mphunzitsi aliyense wa m'dera lino ankabwera ndi fulashi yake kuti ndimutayipire mayeso, fulashi yogona m'makompyuta onse a m'boma la Salima, ndipo ankandisiyira matenda n'kumapita akuthokoza.

Kenako kunabwera dongolo, kachipangizo kotalika ngati chala, kobaya m'mbali mwa kompyuta, kokoka intaneti m'malere popanda waya wa lamya. Kabokosi kake kanalonjeza liwiro la mphezi. M'nyumba muno kankapereka liwiro la nkhono yodwala. Komanso kompyutayo inali ndi khalidwe loipa: ukangoika bandulo yatsopano, iyo inkaganiza kuti ndi nthawi yodzikonza yokha, n'kumwa yonse osapempha, kenako n'kukulembera kuti usaizimitse. M'nyumba mwanga, ine n'kumalamulidwa ndi bokosi lofunda nsalu ya maluwa.

Ndinafufuza pabwalo ponse n'kupeza kuti netiweki imadutsa pamwamba pa mtengo wa papaya, osati m'munsi. Ndiye ndinagula chingwe chachitali, ndinakulunga dongolo m'jumbo ya shuga kuopa mvula, n'kuimangirira kunsonga kwa nsungwi kuseri kwa nyumba. Kukakhala bata zinkayenda. Koma ikafika nyengo ya mwera, mphepo ija imene imabweza asodzi kumtunda, nsungwi inkawerama uku ndi uku. Ikaweramira ku Salima intaneti inkabwera, ikaweramira kunyanja inkapita.

Tsopano tafika pa amayi anu.

Tiyamike ndi mwana wa mlongo wanga. Mlongo wangayo atatisiya, mwanayo anakulira m'nyumba muno, ndipo ine monga malume wake ndinali mwini mbumba. Wofuna kumukwatira ankayenera kudzera kwa ine. Wofunayo anali Yusufu, bambo anuwa, mnyamata wa kugombe wokonza injini za maboti, wa manja akuda ndi oyilo ndiponso wa mawu ochepa. Za chipembedzo musaganize kuti panali nkhondo. Azimayi a mbali zonse ziwiri anali atazimaliza kale pamjigo, anati aliyense azipemphera kumene amapemphera. Chinangotsala ndi chakuti mjomba wa Yusufu, ndiye kuti amalume ake, adzafunsire mbeta kwa ine monga mwa mwambo.

Mjombayo, a Twaibu, anali ku Joni, ali ndi shopu, ndipo mapepala awo sanali oti munthu n'kutuluka n'kudzalowanso. Kutuma wina anakana. Anati mwana wa mlongo wawo safunsiridwa ndi nthumwi iwo ali moyo. Komanso mumtima mwawo ankafuna kuti mnyamatayo apite akawathandize mushopu, ndipo ananena poyera kuti za ukwatizi zikapanda kumveka, Yusufu akwere basi. Panafunika nzeru, ndipo nzeru m'dera lino ndinali ine. Ndinati tikumana pa kompyuta, tizionana nkhope, iwo ku Joni, ine pabalaza pano. Mlendo wina wa kuloji anali atandisiyira kakamera kokhazika pamwamba pa sikirini, kooneka ngati diso la chambo. Mwera unali pachimake, koma katswiri saopa mphepo.

Pano ndiyenera kukuphunzitsani chinthu chimene sukulu zanu za ku Lilongwe sizikuphunzitsani. Pamtundu pathu, munthu akafunsira mbeta, malume sayankha pomwepo. Umakhala chete. Sukanda, sumwetulira, ngakhale kuphethira umachita kusunga. Umayang'ana malo amodzi ngati ukuwerenga mayina a makolo ako onse. Chete ameneyo amauza alendo kuti mwana wathu si tomato wa pamsika woti munthu akangoloza wamukulungira kale. Amalume anga a Lazaro ankakhala chete mpaka alendo kuyamba kutuluka thukuta. Ine ndinaphunzira kwa iwo, ndipo mosadzitama, chete wanga anali wodziwika. Anthu ankachita kundibwereka m'maukwati a eni ake.

Tsiku loyamba ndinavala jekete ndi tayi. A Nabanda anavundukula kompyuta. Tiyamike anakhala kukhitchini, khutu pachitseko. A Twaibu anaoneka pa sikirini atavala mkanjo woyera ndi kachisoti, nkhope yawo ikusweka timabokosi n'kumadzilumikizanso. Tinapatsana moni wautali, ndipo yankho lawo la moni linkandipeza ine nditafika kale pofunsa za kuzizira kwa kumeneko. Kenako anafika pamutu. Anayankhula bwino, ndisawanamizire. Anati aona kamsoti pakhomo panga, ndipo kwawo kuli katambala kosowa mnzake.

Ndinakoka mpweya, n'kuyamba chete wanga.

Ndinali ndisanafike n'komwe pakati pamene ndinaona a Twaibu akusendeza nkhope pafupi ndi kamera mpaka mphuno kudzaza sikirini yonse. Anagogoda makina awo. Anatembenukira kwa wina wa pambali n'kunena zina m'Chiyao. Kenako sikirini inada. Anandidulira.

Ana inu, ine ndinadulidwapo magetsi, ndinadulidwapo madzi, ndinadulidwapo mawu pamsonkhano wa mpingo, koma kudulidwa pakati pa chete ndinali ndisanakuonepo.

Anaimbanso. Ndinayankha, chifukwa ndine munthu woleredwa. Anabwereza za kamsoti kaja kuyambira pachiyambi. Nanenso ndinayambira pachiyambi, chifukwa chete sachita kulumikiza ngati chingwe. Anadulanso. Ulendo wachitatu anangonena mwachangu ngati woitanira basi, ndipo nditangoumitsa nkhope anakweza manja m'mwamba n'kudula. Pamenepo ndinazimitsa kompyuta, ndinavula tayi, n'kuuza a Nabanda kuti afunditse makinawo, nkhani yatha. Banja lodulira malume a mkazi katatu tsiku limodzi, mwana wanga likamutani akadzapsereza ndiwo?

Kumbali inayo nako kunali mkwiyo wake, ngakhale ine ndinazidziwa pambuyo pake. A Twaibu anauza abale awo kugombe kuti malume a mtsikanayo ndi wochenjera: moni amayankha bwinobwino, koma ukangotchula za ukwati amazula chingwe kuti zioneke ngati netiweki yathawa, chifukwa akuopa kukana maso ndi maso. Ena anathira mchere, anati mwina za pamjigo zija mkuluyo sanagwirizane nazo. Amayi ake a Yusufu anatumiza chambo ziwiri kuti aone ngati zibwezedwa. Ndinadya, chifukwa nsomba ilibe mlandu, koma sindinathokoze.

Panapita masabata awiri. Tiyamike ankaphika, ankachapa, ankandiikira madzi osamba monga mwa masiku onse, koma nyimbo zimene ankaimba potsuka mbale zinatha. A Nabanda anasiya kundiyankhula, ankangoyankhula ndi nkhuku mokweza kuti ine ndimve. Kenako tinamva kuti tikiti yafika. Lachisanu m'mawa Yusufu akwera minibasi ya ku Lilongwe, kumeneko akakwera basi ya ku Joni. Anyamata a kuno akamapita ku Joni amati ndi zaka ziwiri zokha. Pitani kugombe mukaone akazi amene akudikirabe zaka ziwirizo, ana awo ali ku sekondale.

Lachitatu masana ndili pansi pa mtengo wa papaya ndikulimbitsa nsungwi, Tiyamike anabwera n'kugwada chapatali. Anapempha kuti ayankhule. Anati wakumana ndi mlongo wake wa Yusufu kuchigayo, ndipo akuti a Twaibu sanadule mwachipongwe.

"Amalume, akuti inuyo munkauma."

"Ndinkatani?"

"Munkauma. Osaphethira, osapuma. Iwo ankayesa netiweki yathawa, n'chifukwa chake ankadula kuti aimbenso."

Ndinamuuza kuti ameneyo anali chete wa a Lazaro, woyenda m'magazi, ndipo munthu wamkulu ngati a Twaibu ayenera kusiyanitsa mwambo ndi kufooka kwa dongolo. Iye anayang'ana pansi, akutola timiyala.

"Pa kompyuta zimafanana, amalume." Anataya timiyala tija n'kundiyang'ana. "Mundiyankhe ineyo. Mukumufuna kapena simukumufuna? Chifukwa akapita, ine sindidzakubweretseraninso wina."

Chimulerereni mwana ameneyu, anali asanandifunsepo funso loti ndisowe poyankhira nthabwala. Ndinamuuza kuti mnyamatayo ndinamuvomera kalekale, tsiku limene anakonza njinga yanga osaseka mmene ndinamangira tcheni. Anafunsa chifukwa chake sindinanene. Ndinati ndinkanena, kungoti ndinali ndisanafike pa mawu.

Kudzera kwa mlongo wake wa Yusufu uja, tinakonza zokumananso ndi a Twaibu pa kompyuta Lachinayi masana. Koma chete sindikanamusiya. Malume amene wayankha pomwepo, mawa anthu amati mwanayo anali atatopa naye. A Nabanda ndiwo anapeza njira. Anati iwo aima kumbuyo kwanga akupeta mpunga, kuti a ku Joni aziona kuti chithunzi chili moyo, wouma ndi mwamuna wawo yekha monga mwa masiku onse.

Zinayenda bwino moti mpaka lero ndikakumbuka ndimanyadira. A Twaibu anabwereza za kamsoti, mawu ali olemera pang'ono. Ine ndinauma. Kumbuyo kwanga lichero linkakwera n'kutsika, mankhusu akugwera pajekete ndi m'kiyibodi. Sanadule. Ndinamaliza chete wanga yense, wathunthu, mpaka kumchira. Kenako ndinatsokomola n'kuyankha mmene a Lazaro akanayankhira. Ndinayambira kutali, kwa makolo amene anabwera kudzamanga pano, ndinadzera pa malemu mlongo wanga ndi mmene anandisiyira mwanayu, ndinatchula za ulemu wa mnyamatayo, ndipo pomaliza ndinati kamsoti katengeni, tavomera.

A Twaibu sanayankhe. Anakhala phee, maso pa ine, dzanja pachibwano, osaphethira.

Mtima wanga unasungunuka. Ndinati kani munthuyu ndi woleredwa chonchi, akundibwezera chete. Ndinanong'oneza a Nabanda kuti taonani, ku Joni konse mwambo sanautaye. Ndinawadikira mwaulemu. Chete wawo anapitirira wanga, anapitirira wa a Lazaro, mpaka ndinayamba kuchita kansanje. Kenako magetsi anazima, monga ankachitira masana ambiri, ndipo ndinatuluka n'kuuza Tiyamike kuti zatheka. Anafuna kutumizira Yusufu uthenga pafoni. Ndinamuletsa. Ndinati mawu a ukwati amayenda ndi ankhoswe, a Twaibu auza okha mwana wawo, iye asaoneke ngati wosusuka. Anandimvera. Mwa zinthu zonse zimene amayi anu anandimverapo, chimenecho chokha ndi chimene ndimalakalaka akanakana.

Lachisanu m'mawa ndinazungulira kuseri kukataya masamba a tiyi, ndipo ndinapeza nsungwi ili kwala pansi, dongolo ili m'matope a kubafa, nkhuku zikujompha jumbo. A Nabanda anati anamvadi kanthu kakugwa dzulo lija, nthawi imene ndinkatchula agogo a agogo anga, koma sanafune kusokoneza mwambo. Ndisanamalize kumvetsa tanthauzo lake, Tiyamike analowa kumpanda akupuma mwabefu, mpango uli m'manja. Anali atapita kugombe poona kuti foni yake sikulira. Yusufu anali atanyamuka kale ndi chikwama, foni yake atasiyira amayi ake. A Twaibu anamva mawu anga mpaka pa makolo, mawu omveka ngati a munthu amene akukonza njira yokanira, kenako ndinasowanso pa sikirini yawo kachinayi. Ndiye anauza mwana wawo kuti akwere.

"Tavomera" wanga ndinauza chithunzi. Chete wokongola uja, amene ndinamuchitira nsanje, anali nsungwi ili pansi. Hawa, imeneyo ndiyo intaneti yakufa.

Ndinavala jekete yomwe ija, mankhusu ali pomwepo, tayi osaiganizira. Ndinasiya Tiyamike pamsewu. Galimoto yoyamba kudutsa inali ya matola, yonyamula nsomba, ndipo ine katswiri wa makompyuta ndinakhala pamwamba pa dengu la usipa wouma, mwera ukundimenya kumsana, njira yonse mpaka ku Salima. Dalaivala ankaima paliponse pamene paima munthu, ngakhale amene angoima kuti aone galimoto ikudutsa. Apo ndinaphunzira kuti pali chinthu chochedwa kuposa dongolo.

Ndinafika pa depoti minibasi ya ku Lilongwe itadzaza, injini ikulira, kondakitala akumenya denga. Yusufu anali pawindo lakumbuyo, chikwama pamiyendo. Ana inu, a Lazaro akanandiona akanafanso kachiwiri. Ndinathamanga. Ndinagwira windo ndi manja awiri n'kukuwa pamaso pa ogulitsa nthochi ndi akabaza onse kuti tavomera, kamsoti katengeni. Popanda makolo, popanda kutsokomola, popanda chete ngakhale wa mpweya umodzi. Mayi wina wa m'minibasimo anasuzumira kuti aone nkhukuyo.

Yusufu anandiyang'ana. Maso ake anali ofiira, koma ulemu sanautaye. Anati zikomo bambo, koma iye sangatsike. Anakwezedwa ndi mjomba, atsitsidwenso ndi mjomba. Kondakitala anati madala, kwerani kapena siyani galimoto. Ndinamuuza kuti galimotoyi ikachoka ichoka ndi manja anga. Ndinatulutsa kafoni kanga ka mabatani, Yusufu ananditchulira nambala pamtima, ndipo ndinaimba ku Joni. Foni wamba, ya pakhutu, imene tikanaimba masabata awiri m'mbuyomo tikanapanda kukhala ndi katswiri m'banja.

A Twaibu anayankha. Sindinawapatse ngakhale moni.

"A Twaibu, ndine Phiri, malume a Tiyamike. Nsungwi inagwa. Tavomera. Mwana wanu ali m'minibasi, muuzeni atsike."

Kunali zii.

Ndinayang'ana foni, timizere ta netiweki tilipo tonse. Ndinaibwezera kukhutu. Zii. Dalaivala anaponda mafuta, minibasi inayamba kusuntha, ine ndikuyenda nayo cham'mbali, dzanja limodzi lili pawindo. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinagwedeza foni. Ndinaigogoda pachitseko cha galimoto. Ndinakuwa alo katatu, mawu akutuluka ngati a mbuzi.

"Ndilipo, a Phiri," anatero a Twaibu, mosapupuluma n'komwe. "Ndangokhala chete. Kapena mwambo uli kwanu kokha?"

Ndinati ayi, uli konsekonse, koma chonde aufupikitse chifukwa tafika kale pageti la depoti.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati Alhamdulillah, ndimupatse mwanayo foni. Yusufu anamvetsera, anati chabwino mjomba, n'kugogoda denga. Anatsika ndi chikwama chake, anthu a m'minibasimo akuwomba m'manja, kondakitala akundinena mawu amene sindingalembe m'pepala lowerenga ana. Tinabwerera pa matola ina, iye akuyang'ana kuminda, ine ndikuchotsa tiusipa m'matumba a jekete.

Tinapeza Tiyamike ali pamsewu pomwe ndinamusiya paja, dzuwa litafika pamutu. Ataona Yusufu akutsika pambuyo panga, anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinaona kuti nthawi ngati imeneyo imafuna mawu a munthu wamkulu. Ndinakonza kolala, ndinaima bwino, n'kukoka mpweya. Iye anandisuzumira pamwamba pa chitenje, misozi ili mbwee.

"Amalume, chonde. Musakhalenso chete, ndipo musayankhulenso. Pitani mukasambe."

Ndinapita kukasamba.